Nyumba yopanda utsi

Ndisanayambe, ndinene chinthu chimodzi: ine sindinama. Ndaphunzitsa ana katekisimu zaka zambiri, ndipo munthu wotere bodza limamutsamwa. Zimene ndilembe pano zikakukulirani, dziwani kuti ndazichepetsa kale kuti zikwane papepala.

Ndinakwatira kufupi ndi kwa Kaphuka, nkhondo ya Ajeremani isanayambe. Kwathu ndi kuseri kwa mapiri, kumunsi kotentha, ndipo kuno ananditumiza a mishoni kudzatsegula sukulu ya pansi pa mtengo. Mbale wanga kunalibe ngakhale mmodzi. Ndinakwatira monga amakwatirira aliyense kuno: mwamuna ndiye amatsata mkazi, akuchikazi amamulozera malo, iye n'kumanga nyumba, n'kukhala mkamwini. Mkazi wanga anali munthu wa mawu ochepa. Tsiku la ukwati wathu anayankhula mawu anayi, ndipo awiri mwa amenewo ankauza galu.

Tsono kuno kumazizira. Obadwira konkuno sadziwa, amayesa dziko lonse ndi lotero. M'mwezi wa Juni tambala wa apongozi anga ankalira mutu uli m'phiko, ndipo mbuzi zinkabwera pakhomo n'kugogoda ndi nyanga, mwaulemu, kupempha malo pamoto. Ndinaziona ndi maso angawa, nthawi imeneyo akuona bwino. N'chifukwa chake nyumba za kuno zinali zozungulira, zazifupi, moto pakati, utsi ponseponse. Ine utsiwo ndinkadana nawo. Ndikatsegula buku pamoto misozi inkangoyenderera, mpaka amayi ena anayamba kunena kuti mphunzitsi watsopanoyu Mawu a Mulungu amamukhudza kwambiri. Chonsecho ndikuwerenga masamu.

Tsiku lina ndinapita ku mishoni kukatenga masileti. Kunagwa mvula, mzungu n'kundilowetsa m'nyumba mwake, koyamba ndi komaliza. Mmenemo ndinaona moto uli m'khoma. Unkayaka m'kamphako konga khomo la khola la nkhuku, utsi wake n'kumakwera m'kati mwa njerwa, mu chimene amati chumuni, n'kukatulukira padenga. Mzunguyo anali pampando akuwerenga, m'maso mopanda msozi ndi umodzi womwe. Ndinabwerera kumudzi masileti ali pamutu, chumuni chili mumtima.

Mmisiri ndinakamupeza ku Linthipe. Anali ataphunzira za njerwa ku mishoni komweko: kuumba m'chikombole, kuotcha mu uvuni, kumanga khoma loongoka. Anali wamfupi, wa mapewa aakulu, ndipo njerwa asanaiike pakhoma ankayamba waigogoda n'kuitchera khutu, ngati ikumuuza za kwawo. Za malipiro sitinakanganepo. Mbuzi zake ndinam'patsa ntchito isanathe, ndipo nkhani ino si ya mbuzi.

Amalume ake a mkazi wanga, amene analinso nkhoswe ya ukwati wathu, ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaonerera. Anali munthu wosakalipa. Iwo ankangofunsa mafunso.

"Akamwini, njerwazi n'zingati?"

"N'zambiri, bambo."

"Tsiku lodzakuthamangitsani mudzazisenza ulendo umodzi, kapena mudzabwera kawiri?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, poti mkamwini amaseka.

Nyumba inatha chilimwe chisanathe. Inali ya ngodya zinayi, yopaka njereza, chitseko cha matabwa, denga la udzu, chumuni chili njo pamwamba. Amtengatenga odutsa pamsewu ankatula katundu pansi kuti aione bwino. Mmisiri anaima pakhomo, amalume aja ali pomwepo ngati mboni, n'kulumbira.

"Mvula zitatu. Nyumba iyi ikadontha, ikang'aluka, kapena utsi ukabwerera m'kati mvula zitatu zisanathe, nditumireni uthenga. Ndidzakonza ndi manja angawa osalandira ngakhale dzira."

Anasiyanso chikole: chingwe chake choyezera khoma, chokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga. Anati adzachitenga mvula yachitatu ikadzatha. Mawu onena za utsiwo ndinaonjezetsa ndine. Ndinkadziona wochenjera.

Mvula yoyamba inagwa, inatha, nyumba osadontha. Mavuto anabwera ndi chisanu.

Chumuni chija chinali ndi njala. Chikuni chimene kwa apongozi chinkatha masiku awiri, kwathu chinkapsa munthu asanamalize kupempherera chakudya. Moto unkalira ngati ng'ombe, kutentha konse n'kumapita kumwamba kukafunditsa akhwangwala, amene anayamba kusonkhana padenga lathu m'mawa uliwonse atatambasula mapiko. Ndipo sichinkakoka utsi wokha. Chinameza chipewa changa ndili chiweramire kukoleza moto. Patapita sabata, wamtengatenga wina wochokera ku Linthipe anadutsa atachivala. Ndinachizindikira ndi chigamba. Iye anati chinam'gwera kuchokera kumwamba, ndipo sindinam'tsutse, poti ankanena zoona. Nkhuku ya mkazi wanga inayandikira kwambiri tsiku lina, tinangoiona ili padenga, yakuda bii, ndipo kuyambira pamenepo inkaikira mazira ophikaphika. Amene akukayika akafunse aliyense amene anadya nawo, ngati alipo wamoyo.

Nkhuni zonsezo ankasenza ndi mkazi wanga, kuchokera kuphiri. Anzake ankapita kamodzi, iye katatu. Khosi lake linafupika ndi chala chimodzi. Ndinayeza ndi chingwe cha amisiri chija iye atayang'ana kumbali. Kuphika nako kunali kolimba, poti mphika uli m'mphako sungaupanire ndi mapazi, umangothawira m'kati. Sanadandaule. Anangochepetsa mawu ake, amene anali ochepa kale.

Machesi kunalibe masiku amenewo. Moto ukazima, munthu unkatenga phale n'kupita kukapala kwa mnzako. M'nyumba zina zonse chikuni chinkagona ndi moto wake mpaka m'mawa, chitafundidwa phulusa. Kwathu chumuni chinkayamwa mpaka khala lomaliza. Ndiye m'mawa uliwonse mkazi wa mwini nyumba yokongola kuposa zonse pakati pa Chimbiya ndi Linthipe ankaoneka ndi phale m'manja, akuti odi pa zitseko za bango.

"Wazimanso moto wa azungu uja?" anzake ankatero. "Lowani, tengani wachikudawu, suthawa."

Alendo nawo anatha. Sabata yoyamba ya chisanu anadzaza m'nyumba kudzaona moto wa m'khoma. Koma moto wa pakati uli ndi mbali zonse. Aliyense amakhala ndi gawo lake, ndipo amaona nkhope ya mnzake. Wa m'khoma uli ndi kutsogolo kokha. Anthu anakhala m'mizere ngati ana anga a sukulu, akutsogolo akupsa miyendo, akumbuyo akunjenjemera, onse atapenya khoma. Nkhani inkati ikayamba, n'kukafera pankhongo pa munthu wa patsogolo. Mkulu wina anapsa bondo ndi kuzizidwa msana nthawi imodzimodzi, ndipo anapita kwawo osadziwa kuti adandaule chiti. Sabata yachiwiri kunabwera atatu. Yachitatu kunabwera galu, nayenso sanakhalitse.

Munthu mmodzi yekha amene nyumbayo ikanamuyenera anali apongozi anga aakazi, poti iwo ndi ine sitipenyana kumaso. Koma iwo anangosuzumira pakhomo, n'kununkhiza, n'kuuza mwana wawo chapansipansi kuti, "Muno simukununkha munthu."

Zonsezi banja likanapirira. Chimene sichinapiririke ndi mbewu.

Titakolola, mkazi wanga anali atasankha zimanga zabwino, n'kuzimanga makoko ziwiriziwiri, n'kuzipachika ku phaso monga amachitira amayi onse. Chinali chimanga choyera cha maso ofiira apo ndi apo, mtundu umene amayi ake analandira kwa amayi awo, iwonso n'kum'patsa iye pa ukwati wathu. Tonse tinkadziwa kuti mbewu imasungidwa ndi utsi. Koma utsi kwa ife unali ngati mpweya wopuma. Palibe anaganizapo kuti denga lingakhale lopanda utsi, ngakhale ine amene ndinauthamangitsa ndi mbuzi zanga.

Anazindikira msanga ndi anankafumbwe. Anauzana. Anabwera a kwa Kaphuka, a ku Chimbiya, ena akutali atabereka ana kumsana. Masana ndikamakonza maphunziro ndinkamva kutafuna kudenga, ine n'kumayesa ndi udzu ukuuma. Mmodzi anagwera pa sileti yanga, wonenepa moti anakanika kudzitembenuza. Ndinachita kumuthandiza.

Mitambo ya mvula yachiwiri itayamba kusonkhana, mkazi wanga anakwera pamtondo n'kutsitsa chimanga chimodzi. Chinali chopepuka ngati nthenga. Anachigwedeza, ufa wotuwa n'kuyoyokera pamapazi pake. Anatsitsa zonse, chimodzichimodzi, n'kuziyala pansi m'mzere. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi," anatero, poti ndi mmene ankanditchulira, "ndikukathandiza amayi kubzala."

"Mubwera liti?"

"Mundawo ndi waukulu."

Anatenga mphasa yake, mtsuko ndi mthiko. Nyumba ya amayi ake inali tsidya la dambo, poonekera ndithu. Munthu akanaitana, zikanamveka. Ine sindinaitane, iyenso sanaitane.

Sitinasudzulane ayi. Munda wathu tinabzala ndi mbewu yopempha, iye kuyambira uko, ine kuyambira kuno, ndipo tikakumana pakati tinkapatsana moni ngati anthu a mipingo yosiyana. Amuna a m'mudzimo tinkadyera pamodzi pabwalo, nyumba iliyonse n'kutumizako mbale yake. Mbale ya mkazi wanga inkabwera ndithu, yadothi, yobenthuka pamlomo. Ndinkaidziwa ili patali. Koma pabwalo mbale ilibe mwini, ndipo mkamwini satambasula dzanja kudumpha akuluakulu. Masiku ambiri ndinkangoonerera ndiwo za mkazi wanga zikutha m'kamwa mwa anthu ena, ine ndikudya za mayi wina amene mchere ankauopa ngati njoka.

Phale lopalira moto tsopano linali langa. Ndinkapita m'mamawa, ana a sukulu asanandione, koma ankandiona.

Nyumba ya njerwa yopanda anthu ili ndi khalidwe lina limene mmisiri sanandiuze: imabwezera mawu. Ndikatsokomola, nayo inkatsokomola. Ndikaweruka ku sukulu ndinayamba kumati odi pakhomo panga pomwe, kungoti ndimve. Khoma linkayankha kuti odi. Ndinkadikira pang'ono, mwina lingapitirize kuti lowani. Miyezi isanu ndi iwiri silinaphunzire mawu amenewo, ngakhale linkakhala ndi mphunzitsi.

Mvula ikamagwa ndinkazungulira m'nyumba nditatambasula dzanja, kufunafuna dontho. Limodzi lokha likanandikwanira kuitanitsa mmisiri, kuti pakhale munthu wina wolakwa. Silinagwe. Ndinayang'ana ming'alu m'makoma monga mayi amayang'anira nsabwe m'mutu mwa mwana. Ndinapachika chingwe chija pa ngodya zonse zinayi. Makoma anali oongoka mochititsa manyazi.

Titakololanso, amalume aja anabwera. Anakhala pakhonde, m'kati anakana.

"Akamwini, mwana wathu uja ali ndi mwamuna kapena alibe? Anthu akundifunsa. Ena mwa ofunsawo ndi osakwatira."

"Ali naye, bambo."

"Ndiye mvula ikubwerayi im'peze m'nyumba mwa mwamuna wakeyo. Ikam'peza kwa amayi ake, ine ndidzamasula zimene ndinamanga. Njerwa tidzakuthandizani kusenza mpaka pamsewu."

M'mawa mwake ndinauyamba wa ku Linthipe. Pakhomo pa mmisiri ndinali ndisanafikepo, poti poyamba paja ndinam'peza pantchito. Ndinkayembekezera nyumba ya zumuni ziwiri. Anandilozera kanyumba kozungulira, kakafupi, utsi ukutuluka m'udzu monse ngati kakupsa. Ndinalowa chowerama. Mmisiri anali pamoto pakati pa nyumba, mkazi wake mbali iyi, ana mbali iyo, mlendo wina akusimba nkhani, onse akutsokomola mosangalala. Kudenga kunali mbewu, yakuda ndi mwaye, yolemera moti phaso linapindika.

"Amisiri," ndinatero titapatsana moni, "chumuni chanu chili kuti?"

"Ine? Ine ndimamangira anthu ophunzira, aphunzitsi. Wangayu angandithawe."

Ananena asanadziwe chimene ndadzera. Mkazi wake anaseka. Nditafotokoza, mayiyo anandiwonjezera mbatata.

Koma lumbiro lake analisunga. Tsiku lachitatu anafika, atavala malaya. Amalume anabwera, anthu anasonkhana pabwalo la nyumba yanga, ochuluka kuposa amene anabwerapo chimangidwire. Mkazi wanga anakhala kumapeto kwa khonde, atapenya kudambo.

Mmisiri anatenga chingwe chake n'kuyeza ngodya zonse. Anagogoda khoma lililonse n'kutchera khutu. Kenako anakoleza moto m'mphako muja, n'kutuluka panja, n'kuima manja ali m'chiuno kuyang'ana utsi ukukwera, woongoka ngati nsungwi. Ndikhulupirira kuti anaiwala pang'ono kuti wabwerera mlandu.

"Aphunzitsi, yadontha?"

"Ayi."

"Yang'aluka?"

"Ayi."

"Utsi wabwerera m'kati?"

"Ngakhale kamodzi."

"Ndiye mwandiyendetsera chiyani mtunda wonsewu? Mayi, mwina inu. Nyumbayi yakulakwirani chiyani?"

Mkazi wanga sanatembenuke. "Nyumba yanuyi ndi yabwino, bambo. Anankafumbwe sanadandaulepo."

"Za anankafumbwe ine sindinalumbire."

"Tsekani chumunicho, amisiri," ndinatero. "Ndi zokhazo zimene ndikupempha."

Anandiyang'ana ngati ndam'pempha kuti atsine mwana wake.

"Nditseke? Anthu akamadutsa pamsewu apo amafunsa kuti wamanga ndani. Ntchito ya sitolo ku Linthipe ndinaipeza ndi utsi umenewu. Ine ndinalumbira kukonza choonongeka, inu mukuti ndiononge cholongosoka. Komanso tamverani. Ndikatseka, utsi ubwerera m'kati. Ukabwerera m'kati, walakwira lumbiro ndani? Ndine. Ndiye mudzandiitanenso kuti ndidzatsegule? Mawu amenewo munaikamo ndinu, aphunzitsi, ine ndinangonena za kudontha ndi kung'aluka."

"Nanga akatseka okha?" anafunsa amalume.

"Zawo zimenezo. Koma lumbiro langa lithera pomwepo. Denga likadzagwa asadzandifune."

Amalume anafwenkha fodya, n'kuyetsemula, n'kupukuta mphuno mosafulumira.

"Ndamva. Amisiri sanalakwe. Nyumba sinalakwe. Mwana wathu sanalakwe. Anankafumbwe anadya chimene anapeza. Koma mlandu ulipo, tonse tikuuona. Ukungosowa mwini wake."

Ananena akuyang'ana zala za kumapazi kwanga. Mmisiri anapachikanso chingwe chake pamsomali, poti mvula yachitatu inali isanagwe, n'kumapita. Anthu anabalalika. Mkazi wanga anawoloka dambo osacheuka.

Ndinakhala nawo mawu amenewo masiku angapo. Kutseka chumuni si ntchito yaikulu. Chachikulu ndi kukwera padenga mudzi wonse ukuona, ndi amtengatenga omwe, kukapepesa kwa utsi. Ndiye ndinadikira nkhungu. Kuno m'chisanu imabwera nkhungu yokhuthala moti mwana wina anaitapa m'chikho n'kupita nayo kwa amake, ndipo ikabwera imakhala masiku. Sukulu inali yotsekera. Nkhunguyo itafika, ndinatenga mtsuko wosweka pansi pa nkhokwe, ndi dothi lokanda, n'kukwera. Mtsukowo ndinauvundikira pakamwa pa chumuni, n'kumata bwinobwino, munthu osandiona.

Potsika, udzu unali wonyowa, ndipo ndinatsika msanga kuposa mmene ndinakonzera. Ndili m'malere ndinapeza nthawi yoganizira moyo wanga wonse kuyambira ku ubwana, ndipo utatha ndinayambiranso. Phazi linatupa ngati dzungu. Ndinakwawira m'nyumba, n'kuzula njerwa zitatu pamphako paja kuti zikhale mafuwa, n'kuziika pakati penipeni pa chipinda, n'kusamutsirapo moto. Utsi unayamba wazungulirazungulira ngati mlendo wosadziwa pokhala. Kenako unakwera ku phaso, n'kukhazikika.

Nkhuni zinalimo, mbatata zinalimo, madzi analimo. M'mawa mwake ndinafukula phulusa n'kupeza khala lamoyo, loyamba chimangidwire nyumbayo. Ndiye sindinapite kukapala moto. Pabwalo sindinapite, chifukwa cha phazi. Masiku atatu ndinakhala mmenemo, ndipo sipanabwere munthu. Mudzi unali waukulu ndithu, ndipo ana ake ndinkawaphunzitsa ndine. Sindikudandaula, ndikungowerenga masiku.

M'mawa wa tsiku lachitatu chitseko chinakankhidwa popanda odi. Anali mkazi wanga, akupuma mwabefu, matope a m'dambo mpaka m'mawondo. Anaima pakhomo, utsi n'kumulandira. Anatsokomola. Anayang'ana mafuwa, anayang'ana kudenga, anayang'ana phazi langa.

"Muli moyo."

"Ndikuganiza choncho."

"Chumuni chanu sichinafuke masiku atatu."

"Kodi mumachiyang'ana?"

"Chimaoneka chokha. Utsi wake umaboola nkhungu. M'mawa chimafuka mochedwa, poti mumayamba mwakapala moto. Loweruka chimafuka masana, mukamachapa. Mwezi wathawu chinafuka pang'ono masiku awiri. Munkadwala."

Amenewo anali mawu ochuluka kuposa onse amene anandiyankhulapo chikwatirane.

"Mukulira?" anafunsa.

"Ndi utsi."

Ndinanena poyamba paja kuti sindinama. Bodza limeneli ndi limodzi lokha, ndipo theka lake linali loona.

Anatenthetsa madzi n'kundithowa phazi, osati mofatsa kwenikweni. Kenako anapita. Ndinayesa basi zatha. Dzuwa litapendeka anabweranso, atanyamula zimanga zisanu ndi chimodzi, zoyera za maso ofiira, zimene anapempha kwa amayi ake. Anafunafuna luzi, osalupeza, ndiye anatenga chingwe cha mmisiri pamsomali.

"Chimenecho ndi chikole cha amisiri," ndinatero.

"Akachifuna adzakwere."

Anakunkhuniza mtondo, anakwerapo, n'kumangirira mbewu ija ku phaso pamwamba pa moto, kachitsulo kaja kakulendewera pakati. Atatsika anasasa m'manja.

"Iyi iyambe ndiyo kukhala nanu. Mvula ikaipeza yamoyo, tidzaona."

Ndipo anabwerera kwa amayi ake.

Miyezi inayi ndinakhala ndi zimanga zisanu ndi chimodzi. Palibe mwana wa mfumu analeredwapo monga ndinalerera izo. Nkhuni ndinkakatola ndekha kuphiri, mwamuna wamkulu, wodziwa kulemba, amayi akundipatukira njira kuti aseke bwino. Moto sunazime. Ndikapita ku sukulu ndinkasiya chikuni chachiwisi chikufuka. Njereza inada, mabuku ananunkha, malaya anga a Lamulungu anasanduka a mtundu wa khoswe. Kuwerenga pamoto ndinasiya. M'mawa ndinkapereka moni kudenga, ndipo ndikabwera madzulo ndinkaziwerenga ngati zingathawe. Nankafumbwe mmodzi anabwera kudzaona malo ake akale. Anafika pakhomo, anatsokomola katatu, n'kubwerera. Ndinam'perekeza ndi maso mpaka kumsewu.

Khoma linasiya kubwezera odi. Mwina mwaye unalitseka pakamwa. Poyamba ndinalisowa, poti linali mnzanga yekhayo. Koma tsiku lina m'mawa kunamveka odi weniweni, wochokera kunja. Anali mayi wina wokalamba, phale lili m'manja, moto wake utazima. Ndinam'patsa makala okwana kuotchera uvuni wa njerwa, mpaka anandipempha kuti ndichepetse.

Bingu loyamba litagunda kuseri kwa phiri, anabwera awiri, mkazi wanga ndi amalume ake. Ulendo uno amalume analowa, n'kukhala pamoto, n'kutambasula miyendo osauzidwa. Mkazi wanga anakwera pamtondo n'kutsitsa chimanga chimodzi. Makoko anali akuda bii. Anasenda, n'kukokola njere imodzi ndi chala, n'kuiika pa dzino. Ine mtima unali utaima, ndipo sindikunena mokuluwika, ndinaugwira ndi dzanja, unali phee.

Njereyo inalira kuti kho. Ena amati inamveka mpaka tsidya la dambo. Ine sindinali kumeneko, ndiye sindingachitire umboni.

Analavula, n'kuyang'ana kunja.

"Mphasa yanga ndaisiya pakhonde, aphunzitsi. Ilowetseni, mvula ikubwera."

Amalume anafwenkha fodya wawo. "Njerwa zija zibakhala kaye," anatero.

Mmisiri uja sanabwere kudzatenga chingwe chake. Nkhondo itafika anamutenga pamodzi ndi ena ambiri kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ku Linthipe sanabwererenso. Ife tinakhala m'nyumbamo zaka zambiri, tikutsokomola. Ana anabadwira mmenemo, anakula, ndipo palibe mmodzi wa iwo anaonapo moto m'mphako muja. Munkaikira nkhuku.

Mkazi wanga anamwalira zaka zapitazo, m'chisanu. Ine ndinasamukira kwa mwana wanga wamkazi, ndipo nyumba ikasowa moto sichedwa. Denga linagwa, makoma anatsatira, njerwa anthu anatola. Chatsala ndi chumuni chokha, chili njo pakati pa munda wa chimanga choyera cha maso ofiira, mtsuko uja ukadali pamutu pake. Masana ndimapita kukakhala patsinde pake, poti chimatchinga mphepo, ndipo kumeneko sikubwera munthu. Sabata yatha ndinatenga chingwe chija, chakuda tsopano ngati mchira wa khoswe, n'kuyeza chumunicho. Chikadali choongoka, chopanda mng'alu ndi umodzi womwe.